Imelo za kuntchito zikulowa koma sizikutuluka mukakhala kunyumba

Foni ya mtundu umenewu imandipeza kawirikawiri chakumadzulo, ndipo mawu ake sasintha kwenikweni: "Achimwene, imelo yanga yafa. Zobwera zikubwera bwinobwino, koma ndikati nditumize zikungokhala mu Outbox." Ndikafunsa kuti ali kuti, yankho ndimakhala ndikulidziwa kale. Ali kunyumba. Laputopu yomweyo m'mawa inali ku ofesi ikutumiza popanda chovuta, ndipo mawa akangoilumikiza pa Wi-Fi ya ku ofesi, makalata onse amene anaunjikana adzatuluka okha mwini wake asanakhale n'komwe pampando. Pakati pa madzulo ndi m'mawawo ndi pamene anthu amazunzika. Wina amagula bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha, wina amazimitsa ndi kuyatsa MiFi kakhumi, ndipo wina amachotseratu akaunti yonse kuti ayambirenso, n'kutaya nazo makalata a zaka zingapo.

Chimene ndimalakalaka aliyense wogwirira ntchito kunyumba atachidziwa ndi chakuti kulandira imelo ndi kutumiza imelo ndi njira ziwiri zosiyana, ngakhale zimaonekera pa skirini imodzi. Amene tinakula tikutumidwa ku positi ofesi tikudziwa kuti kutsegula bokosi ndi kiyi n'kutengamo makalata ndi nkhani ina, kukaima pa kauntala kuti kalata imatidwe sitampa ipite ndi nkhani inanso. Kiyi wa bokosi sakutumizira kalata. N'chimodzimodzi ndi Outlook, Thunderbird, Apple Mail kapena pulogalamu ya imelo ya pa foni. Makalata obwera imawatenga kudzera pa IMAP kapena POP3, koma otuluka imawapereka kudzera pa SMTP, ndipo mbali iliyonse ili ndi dzina lakelake la seva (kompyuta yaikulu yolandira ndi kutumiza makalata), khomo lakelake lolowera lotchedwa port, ndi malamulo akeake. Ngati makalata akulowa, ndiye kuti intaneti ilipo ndipo mbali yolandirira ili bwino. Musaikhudze. Maso anu akhale pa mbali yotumizira basi.

Musanasinthe kalikonse

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuchita musanatsegule n'komwe Settings. Choyamba, werengani uthenga umene pulogalamu yakupatsani. Anthu ambiri kabokosi kaja kakangotuluka amadina Close osawerenga, pamene m'menemo ndi mmene muli dzina la matenda. Mu Outlook, pansi pa skirini pamalembedwa Send/Receive error, ndipo mukadina pamenepo mumaona uthenga wonse. Ujambuleni ndi foni, manambala onse aoneke.

Chachiwiri, tsegulani imelo yanu ya kuntchito pa browser. Ngati ofesi yanu ili pa Microsoft 365, adilesi yake ndi outlook.office.com. Ngati ili pa Google Workspace, ndi mail.google.com. Maofesi ambiri ang'onoang'ono imelo zawo zimakhala kwa amene amawasungira webusaiti, ndipo kumeneko mumalowa polemba dzina la webusaiti ya ofesi n'kuwonjezera /webmail kumapeto. Tumizani kalata imodzi kuchokera pamenepo. Ikapita, mwadziwa kuti akaunti yanu ndi yamoyo, pasiwedi yanu ndi yolondola, ndipo seva ikugwira ntchito. Chovuta chili pa momwe pulogalamu ya pa laputopu inakonzedwera. Mwapezanso potulukira usiku umenewo ngati pali lipoti limene abwana akulidikira. Ikakana pa browser pomwe, kusintha Settings sikungakuthandizeni, imbirani a IT.

Onaninso mtundu wa akaunti yanu. Mu Outlook, pa File kenako Account Settings, pambali pa adilesi yanu pamalembedwa Microsoft Exchange, IMAP/SMTP kapena POP/SMTP. Ngati ndi Exchange, mulibe za SMTP zoti musinthe, chifukwa kulandira ndi kutumiza komwe zimadutsa pa HTTPS, khomo lomwe browser imagwiritsa ntchito. Zambiri zimene ndilembe pansipa ndi za amene ali pa IMAP kapena POP.

Seva imakudziwani muli ku ofesi, kunyumba ndinu mlendo

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa anthu ambiri, ndiye ndichedwapo.

SMTP ndi yakale. Katswiri wa makompyuta Jon Postel anaifotokoza mu 1982 m'chikalata chotchedwa RFC 821, nthawi imene makompyuta olumikizana anali ochepa ndipo eni ake ankakhulupirirana. Seva inkalandira kalata kuchokera kwa aliyense pa port 25 n'kuipititsa kumene ikupita, osafunsa kuti ndiwe yani. Otumiza spam atachuluka m'zaka za m'ma 1990, anayamba kugwiritsa ntchito maseva a eni ake ngati abulu osenza katundu wawo. Ndiye oyang'anira maseva anatseka. Njira yosavuta imene ambiri anatsata inali youza seva kuti aliyense amene ali pa netiweki ya mu ofesi imulole kutumiza popanda pasiwedi, koma wakunja imukane. Dongosolo limeneli likadalipo m'maofesi ambiri mpaka lero, ndipo silionetsa vuto lililonse laputopu isanatuluke pageti.

Ndimakumbukira mayi wina wa ku akaunti pa ofesi ina imene ndinkathandiza mu 2020, Covid-19 itatibalalitsa kuti aliyense azigwirira kwawo. Anali pa tebulo lodyera, laputopu patsogolo, foni ataitsamiritsa pa botolo la madzi pawindo pomwe netiweki imagwira bwino. Kunali kumapeto kwa mwezi ndipo ankafuna kutumiza ma invoice. Chomwe chinawasokoneza n'chakuti akalembera mnzawo wa mu ofesi momwemo, kalata inkapita. Akalembera kasitomala wa pa Gmail kapena wa kampani ina, inkabwerera nthawi yomweyo ndi mawu akuti "550 5.7.1 Unable to relay". Anali atakhulupirira kuti makasitomala onse awatsekera.

Palibe anawatsekera. Seva iliyonse imalandira kalata yopita kwa anthu ake, kaya yachokera kuti, chifukwa imeneyo ndiye ntchito yake. Koma kalata yopita kunja imafuna kuti seva ikhale mtengatenga wanu, ndipo imangotumikira munthu amene yamuzindikira. Ku ofesi inkawazindikira mayiwo ndi netiweki imene analipo. Kunyumba analibe chodzidziwitsira, chifukwa Outlook yawo sinauzidwepo kuti izipereka dzina ndi pasiwedi potumiza. Ndinawauza pa foni kuti, "Mayi, dinani More Settings, pitani pa Outgoing Server, mundiuze ngati kabokosi koyambako kali kochonga." Sikanali. Atachonga, n'kusintha port, ma invoice onse anatuluka tikadali pa foni.

Mukaona "Unable to relay", "Relaying denied", "Relay access denied" kapena "Authentication required", kawirikawiri matenda ndi amenewa. Mu Outlook ya pa desktop, pitani pa File, Account Settings, Manage Profiles, Email Accounts, sankhani akaunti, dinani Change, kenako More Settings. Pa Outgoing Server chongani "My outgoing server (SMTP) requires authentication" ndi "Use same settings as my incoming mail server". Ma Outlook ena zomwezi mumazipeza pa Account Settings kenako Server Settings, pansi pa Outgoing mail. Mu Thunderbird, tsegulani Account Settings, tsikirani pansi penipeni pa mndandanda wa kumanzere pomwe alemba Outgoing Server, dinani Edit, ndipo pa Authentication method pasakhale No authentication. Pa foni, m'malo a seva yotumizira nthawi zina pamalembedwa kuti dzina ndi pasiwedi ndi Optional. Lembanipo ndithu, onse awiri.

Port 25, 587 ndi 465

Kuchonga kabokosi kaja nthawi zambiri sikukwanira pakokha, chifukwa khomo limene mukugogoda likhoza kukhala lotsekedwa musanafike n'komwe pa seva. Makampani ambiri opereka intaneti padziko lonse amatseka port 25 kwa makasitomala a kunyumba. Chifukwa chake n'chomveka: makompyuta a kunyumba amene alowa vairasi amatha kutumiza spam yambirimbiri mwini wake osadziwa, ndipo amadutsira pa port 25. Khomoli linasiyidwa kuti maseva azipatsirana makalata okhaokha. Anthu wamba anapatsidwa lawo mu December 1998, pamene RFC 2476 inakhazikitsa port 587 kuti ikhale yoti munthu aziperekerapo kalata yake atadzidziwitsa.

Port ikakhala yotsekedwa, seva siyankha kalikonse, choncho simulandira uthenga woyamba ndi 550 kapena 535. Pulogalamu imangozungulira kwa kanthawi kenako n'kugonja. Outlook imapereka 0x80042109, kutanthauza kuti yalephera kulumikizana ndi seva yotumizira, kapena 0x8004210B, kutanthauza kuti yadikira yankho mpaka nthawi yatha. Thunderbird imanena kuti kulumikizana ndi seva ya SMTP kwalephereka kapena "timed out".

Sinthani 25 ikhale 587 kapena 465, koma samalani kuti nambala ya port ndi mtundu wa chitetezo zimayendera limodzi ngati mtondo ndi munsi wake. Pa 587 sankhani STARTTLS: pulogalamu imayamba kulankhula ndi seva poyera, kenako zimagwirizana kubisa zonse pasiwedi isanatumizidwe. Pa 465 sankhani SSL/TLS: kubisa kumayamba mawu oyamba asanatuluke. Mukasakaniza, kuika 465 ndi STARTTLS, pulogalamu imadikira moni wa seva pamene seva nayo ikudikira kuti pulogalamu iyambe kubisa, ndipo zonse zimangoyang'anizana mpaka nthawi kutha. Mukaika 587 popanda chitetezo chilichonse, seva ikhoza kuyankha kuti "530 5.7.0 Must issue a STARTTLS command first". Ma Outlook akale amasokoneza pang'ono chifukwa pa mndandanda wawo pamangolembedwa SSL ndi TLS. Pamenepo TLS ndiye STARTTLS ya pa 587, ndipo SSL ndiyo ya pa 465.

Mukamva wina akunena kuti 465 inathetsedwa, dziwani kuti anali ndi mfundo kale, koma mu January 2018 RFC 8314 inaibwezeretsa n'kuilimbikitsa. Gwiritsani imene seva yanu imalola. Microsoft 365 imafuna smtp.office365.com pa 587 ndi STARTTLS, ndipo 465 siilandira. Google imalola smtp.gmail.com pa 587 kapena 465. Amene imelo zawo zili pa cPanel, pulogalamu imene osungira mawebusaiti ambiri amagwiritsa ntchito, kawirikawiri amapatsidwa 465, ndipo zonse zolemba zimapezeka mukalowa pa webmail, pamene amaonetsa kakonzedwe ka pulogalamu ya imelo.

Pali njira yodziwira ngati khomo latsekedwa popanda kulosera. Pa Windows tsegulani PowerShell n'kulemba Test-NetConnection smtp.office365.com -Port 587, kapena dzina la seva yanu m'malo mwa limenelo. Ikamaliza, yang'anani mzere wa TcpTestSucceeded. Ukanena True, njira ndi yotseguka ndipo vuto lili pa dzina, pasiwedi kapena chitetezo. Ukanena False, yesani port inayo, kenako yesani mutalumikiza laputopu pa hotspot ya foni ya netiweki ina. Ikadutsa pa hotspot koma n'kukana pa rauta ya m'nyumba, mwadziwa kuti chotchinga chili pa intaneti ya m'nyumbayo.

Dzina la seva limene limagwira mu ofesi mokha

Yang'anani bwino chimene chalembedwa pa Outgoing mail server. Mukapeza manambala oyamba ndi 192.168 kapena 10, kapena dzina lalifupi lopanda .mw, .com kapena .org kumapeto, kapena lothera ndi .local, imeneyo ndi adilesi ya m'kati mwa ofesi. Ili ngati kuuza munthu kuti "chipinda chachitatu kumanzere": zimathandiza amene ali kale m'nyumbamo, wa kumsewu sangazigwiritse ntchito. Ndapezapo malaputopu amene mbali yolandirira inalembedwa dzina la kunja pamene yotumizira inasiyidwa ndi manambala a m'kati, chifukwa amene anaikonza sanaganizepo kuti idzatuluka mu ofesi.

Apa musalote dzina. Funsani a IT kuti dzina la kunja la seva yotumizira ndi liti. Maofesi ena, makamaka amene amasunga ndalama za anthu kapena zinsinsi za odwala, anachita dala kuti seva yawo isafikirike kuchokera kunja kupatula pa VPN, njira yobisika yolumikiza laputopu ku netiweki ya mu ofesi. Ngati ndi choncho, yatsani VPN kaye, dikirani ilumikizane, kenako tsegulani Outlook. Mukayamba ndi Outlook, nthawi zina imakakamira kulephera kwake koyamba mpaka mutaitseka n'kuitsegulanso.

Ikamangofunsa pasiwedi mobwerezabwereza

Uthenga woyamba ndi 535 ukutanthauza kuti mwafika pa seva, mwadzidziwitsa, koma yakukanani. Yambani ndi zazing'ono. Pa User name maseva ambiri amafuna adilesi yonse ya imelo, osati kachidutswa ka patsogolo pa @ kokha. Ngati munasintha pasiwedi ku ofesi posachedwa, mbali yotumizira ikhoza kukhala ikusungabe yakale, makamaka mu Thunderbird ndi pa mafoni pamene pasiwedi ya IMAP ndi ya SMTP zimasungidwa padera. Mu Thunderbird pitani pa Settings, Privacy & Security, Saved Passwords, chotsani mzere woyamba ndi smtp://, ndipo idzakufunsaninso potumiza. Pa Windows, zakale zimabisala mu Credential Manager.

Musayese pasiwedi khumi motsatizana. Maseva ambiri amatseka akaunti, kapena adilesi ya intaneti ya m'nyumba mwanu, akaona kulephera kochuluka, ndipo mukatero mwawonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Kumbukiraninso foni yakale kapena tabuleti imene munapatsa ana, ngati ikadali ndi akaunti ya kuntchito. Imakhala ikugogoda ndi pasiwedi yakale mphindi zingapo zilizonse, n'kumakutsekerani akaunti inu osadziwa kuti wolakwa ali m'nyumba momwemo.

Koma pali anthu amene pasiwedi yawo ndi yolondola, pa browser ikulowa, koma pulogalamu ikukanabe. Izi zachuluka m'zaka zaposachedwapa chifukwa makampani akuluakulu anasiya kulola kuti pulogalamu izingotumiza dzina ndi pasiwedi basi. Google inatseka zimene inkazitcha less secure apps pa ma akaunti wamba a Gmail pa 30 May 2022, ndipo a Workspace anatsatira pambuyo pake. Microsoft inayamba kuzimitsa njira yomweyo, imene imaitcha Basic authentication, pa Exchange Online (imelo ya Microsoft 365) pa 1 October 2022. Njira imene imafunika tsopano ndi OAuth2, pamene pulogalamu imakutsegulirani tsamba lenileni la Google kapena la Microsoft, mumalowa pamenepo, mumavomereza pa foni ngati ofesi inaika chitetezo chachiwiri, ndipo pulogalamu imapatsidwa chilolezo m'malo mosunga pasiwedi. Mu Thunderbird, sankhani OAuth2 pa Authentication method, ndipo muchite zimenezi mbali zonse ziwiri. Ambiri amasintha pa Server Settings pokha n'kuiwala Outgoing Server, ndiye makalata amayamba kulowa koma osatuluka. Ngati pulogalamu yanu ndi yakale moti OAuth2 mulibe, Google imalola app password ya zilembo 16 kwa amene anayatsa 2-Step Verification, pokhapokha ngati oyang'anira akaunti za ofesi sanaletse.

Uthenga umodzi wa Microsoft 365 ndi wofunika kuudziwa pamaso, chifukwa ungakutayitseni usiku wonse pachabe: "535 5.7.139 Authentication unsuccessful, SmtpClientAuthentication is disabled". Umenewu simungaukonze muli kunyumba ngakhale mutalemba zonse molondola. Ukunena kuti ofesi inazimitsa kutumiza kudzera pa SMTP, ndipo woyang'anira yekha ndi amene angayatse Authenticated SMTP pa akaunti yanu. Umawapeza kwambiri anthu amene ku ofesi amagwiritsa ntchito Outlook pa Exchange, koma kunyumba aika Thunderbird pa kompyuta yawoyawo. Ngati a IT akana kuyatsa, ali ndi zifukwa zabwino. Gwiritsani ntchito Outlook kapena browser.

Wotchi ya kompyuta

Kakang'ono koma kamavutitsa. Pulogalamu ikayamba kudandaula za satifiketi ya seva, chiphaso chimene seva imaonetsa potsimikiza kuti ndi yeniyeni, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya skirini. Satifiketi iliyonse ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti tili chaka china, imaiona ngati yosavomerezeka. Makompyuta a pa desiki akalekale amene kabatire kawo ka CR2032 kanatha amabwerera m'mbuyo magetsi akangozima. Konzani tsiku, ikani time zone ya UTC+02:00 imene Windows imailemba kuti Harare, Pretoria, ndipo kabatire kaja kasinthidwe.

Wotchi ikakhala yolondola koma chenjezo likubwerabe, werengani dzina limene lili pa satifiketiyo. Kawirikawiri mumapeza kuti mwalemba mail kenako dzina la ofesi yanu, pamene satifiketi inaperekedwa m'dzina la seva ya amene amakusungirani imelo. A IT akatsimikiza kuti dzinalo ndi loona, lembani limenelo. Chimene sindikufuna muchite ndi kuzimitsa chitetezo n'kusankha None kuti chenjezo lichoke. Mukatero pasiwedi ya kuntchito imayenda poyera pa netiweki iliyonse imene mwalumikizapo, kuphatikizapo ya pa malo ogona alendo.

Njira yachidule imene ndimaletsa

Munthu akatopa amapeza nzeru yakuti, popeza seva ya ofesi ikukana, aike seva ina iliyonse imene ikulola: ya Gmail yake, kapena ya akaunti ina yakale. Nthawi zina izi zimachitika mwangozi, makamaka mu Thunderbird momwe maseva otumizira a ma akaunti onse amakhala pa mndandanda umodzi, ndipo akaunti ya kuntchito ikhoza kukhala pa Use Default Server, yomwe ndi ya akaunti imene munayamba kuika. Dinani dzina la akaunti ya kuntchito pa Account Settings, muone chimene chasankhidwa pa Outgoing Server pansi pake.

Kalata imatuluka inde, ndipo munthu amagona mtima uli m'malo. Koma taonani chimene chachitika. Mukadutsira pa Gmail ndi adilesi imene Gmail siikudziwa, imachotsa ya kuntchitoyo n'kuikapo yanu ya Gmail, ndiye kasitomala amalandira invoice yokhala ndi nambala ya akaunti ya ku banki kuchokera ku adilesi yachilendo. Masiku ano pamene akuba amatumiza ma invoice abodza, kasitomala wochenjera salipira, ndipo akulondola. Mukadutsira pa seva ina imene sisintha adilesi, mumagundana ndi SPF, DKIM ndi DMARC. SPF ndi mndandanda umene ofesi yanu imalengeza pa DNS, kaundula wa maina a pa intaneti, wonena maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina lake. DKIM ndi siginecha imene seva ya ofesi imaika pa kalata iliyonse. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera mayesowa. Kalata yodutsira kumbali ilibe siginecha ndipo yachokera ku seva imene sili pa mndandanda, choncho imagwera mu Spam kapena kukanidwa. Kuyambira February 2024 Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM yolondola, ndipo makalata olephera amabwezedwa ndi 550 5.7.26.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti kalata yogwera mu Spam sibwerera kudzakuuzani. Mumakhala mukudikira yankho la tenda kapena la pempho la ndalama za pulojekiti, mukuganiza kuti anthu akukunyalanyazani, pamene sanaione n'komwe. Komanso makalata a ofesi akamadutsira pa akaunti yanu, mbiri ya ofesi imasungidwa pamalo pomwe ofesi singafikepo tsiku limene mudzadwale kapena kusiya ntchito. Kalata ya kuntchito ituluke pa seva ya kuntchito, ngakhale zitatanthauza kugwiritsa ntchito browser usiku umodzi.

Kalata imodzi yotseka njira

Nthawi zina Settings zonse zili bwino, koma mu Outbox muli kalata imodzi yaikulu imene yatsekera zinzake ngati lole yofera pa mlatho. Intaneti ya kunyumba nthawi zambiri imatsitsa zinthu mwachangu koma imakweza pang'onopang'ono, ndipo netiweki ikadukiza pakati, kalata imayambiranso pachiyambi n'kumadya bandulo. Dziwaninso kuti fayilo ikamatidwa pa imelo imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha mmene imalembedwera, moti ya 20 MB imafika pafupifupi 27 MB panjira. Seva ya wolandira ikhoza kuikana ndi 552, kutanthauza kuti yakula kwambiri.

Kuti muichotse, pitani pa Send/Receive, dinani Work Offline, tsekani Outlook n'kuitsegulanso, kenako kokerani kalatayo ku Drafts kapena ifufuteni. Dinaninso Work Offline kuti mubwerere pa intaneti. Batani limeneli lokha limasokoneza anthu, chifukwa ena amalidina mwangozi. Pansi pa skirini pakalembedwa Working Offline, palibe chimene chingatuluke. Fayilo yaikuluyo ikani pa OneDrive kapena Google Drive ya ofesi n'kutumiza linki. Ngati netiweki ya kwanu ndi yofooka, pa More Settings kenako Advanced pali Server Timeouts, ikokereni kumanja kuti Outlook izidikira nthawi yotalikirapo.

Onaninso mtundu wa bandulo imene mwagula. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha singanyamule imelo, ngakhale foni ikuonetsa kuti ili pa intaneti. Pamenepo kulandira nakonso kumaima, kungoti makalata akale amene ali kale mu Inbox amakupusitsani. Antivirus ina imaimanso pakati pa pulogalamu ndi seva kuti iziunika makalata otuluka, ndipo ikasemphana ndi TLS, kutumiza kumafa. Zimitsani mbali yake younika imelo yokha kwa mphindi zochepa, yesani, kenako yatsaninso. Ngati laputopu ndi ya ofesi, zimenezi asiyireni a IT.

Mukawaimbira a IT, ndiponso mukaganiza kuti zatheka

Thandizani amene akukuthandizani. M'malo mongonena kuti imelo yafa, atumizireni chithunzi cha uthenga wonse, auzeni pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, dzina la seva ndi port zimene zalembedwa, intaneti imene mulipo, ngati pa browser zikutheka, ndiponso ngati zikukana kwa aliyense kapena kwa anthu a kunja kwa ofesi okha. Pasiwedi musatumize, ngakhale kwa iwo. Ndi zimenezi, vuto limene likanatenga ola lathunthu la mafunso limatha pa mphindi zochepa. Ndipo musanasinthe chilichonse nokha, jambulani mmene zinalili, n'kumasintha chimodzi, kuyesa, kenako china. Amene ali pa POP mu Outlook asachotse akaunti asanasunge fayilo yawo ya .pst, mmene Outlook imasungiramo makalata, chifukwa makalata awo ambiri, makamaka otumizidwa, ali pa kompyuta yomweyo basi.

Kalata yoyesera isapite kwa mnzanu wa mu ofesi, paja taona kuti imeneyo imatha kudutsa ngakhale zinthu zisanakonzeke. Itumizeni ku adilesi ya kunja, monga Gmail yanu. Ikafika, onani ngati yalowa mu Inbox osati mu Spam, ndiponso ngati wotumiza akuoneka ndi adilesi ya kuntchito. Itseguleni pa browser, dinani timadontho titatu ta pakona, sankhani Show original, ndipo pamwamba mudzaona SPF, DKIM ndi DMARC, chilichonse ndi zotsatira zake. Mukufuna kuona PASS. Yankhani kalatayo muone ngati yankho lafika ku akaunti ya kuntchito, ndipo onani ngati kope lake lili mu Sent pa webmail. Mawa mukafika ku ofesi, tumizaninso ina muli pa Wi-Fi ya kumeneko, chifukwa pali ma firewall, zotchingira netiweki za m'maofesi, amene amatseka 465 kapena 587, ndipo kakonzedwe kamene kagwira kunyumba kayenera kugwiranso kumeneko osasintha kanthu.